Tibotolo Titatu Pansi pa Nsomba

Nangongwe, Kafue
12 Disembala 2024

Okondedwa achimwene a Stanislaus,

Landirani moni wanga m'dzina la Ambuye. Muli bwanji kumeneko ku Solwezi? Chifuwa chija munachoka nacho kuno pa maliro chinatha, kapena fumbi la kumgodi likuchiwonjezera? Ine kuno thupi lili bwino, ndikudzuka, ndikupita ku Chanyanya kukagula nsomba monga mwa masiku onse. Mumtima ndiye simuli bwino.

Mudabwa kulandira kalata ya pepala kuchokera kwa ine, munthu amene foni sichoka kukhutu. Ndayesa kanayi kukujambulirani mawu, kanayi konse ndafufuta. Ndikafika pa nkhani yeniyeni lilime langa limathawira ku mitengo ya nsomba. Ndiye ndapempha a Davison, oyendetsa thiraki aja a kutchalitchi kwathu, kuti akupatseni kalatayi m'manja. Muwerenge muli nokha, ndipo mufike mpaka pansi musanandiimbire.

Mvula kuno yayamba mwamanyazi. Magetsi akadali momwe munawasiyira, amabwera maola atatu kapena anayi, nthawi imene afunira okha. Manda a amayi atitimira pang'ono mbali ya kumutu, ndinapita ndi khasu Loweruka kukawonjezera dothi.

Munatumiza mawu kuti pa 21 mwezi uno mukubwera, mukhale pansi ndi azakhali a Fridah, kenaka mubweze mkazi wanu Choolwe kwa makolo ake chifukwa anawalekerera amayi osawabaya jakisoni mpaka kufa. Achimwene, Choolwe sanalakwe. Nkhani yake ndi iyi, ndipo ndiyambira kutali kuti ndisabise kanthu.

Mukukumbukira mu Epulo, amayi atawayambitsa jakisoni wa shuga, munabwera ndi firiji yatsopano kuchokera ku Lusaka. Munaiika pabalaza pamwamba pa thabwa, n'kutisonkhanitsa ngati ana a sukulu. Munati isagunde khoma, tisaikemo chakudya chotentha, tisamaitsegule pongofuna kuona nyale. Mankhwala a amayi munati azikhala pashelefu ya pakati, m'kachitini ka majarini, chifukwa kutentha kumawapha. Pomaliza munandiloza ine n'kunena kuti nsomba zanga zisadzalowemo ngakhale mchira.

Ndinaseka, ndinati ine ndili ndi firiza yanga kukhitchini, ya zaka zisanu ndi zitatu, imene sinandichititsepo manyazi. Koma chala chanu chija chinandilowa. Kuyambira tili ana mumandilankhula ngati munthu amene watsala pang'ono kuswa mbale.

Kubaya munaphunzitsa Choolwe, osati ine. Munachita bwino, ine singano ndimaiopa. Komabe zinkandiwawa kumva amayi akumuitana mpongozi wawo kuti nesi wanga, ine mwana wawo wobereka ndikungotchedwa wa fungo la nsomba. Izi ndikuzinena kuti mudziwe kuti mtima wanga kwa Choolwe sunali woyera ngakhale zinthu zisanavute.

Mu Ogasiti munabweretsa tibotolo titatu ta mankhwala m'fulasiki, kuti amayi asadzasowe mpaka Khirisimasi. Kalikonse kanali m'kabokosi kake. Choolwe anatiika kumbuyo kwa shelefu, pamene kabotolo kamene ankagwiritsa ntchito kanali kutsogolo m'kachitini kaja.

Loweruka loyamba la Seputembala ndinabwera kuchokera ku Chanyanya ndi nsomba zambiri kuposa zimene firiza yanga ikanalandira. Zisanu ndi imodzi zinatsala. Ndinazikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuziika m'kachipinda ka pamwamba ka firiji ya amayi, kaja koundanitsa. Sikanali koyamba, ndinali nditachitapo kangapo popanda wondiona.

Lolemba m'mawa Choolwe anawaperekeza amayi ku msonkhano wa amayi a tchalitchi. Mayi wina amene amaphikira anthu a m'mafakitale ku Indasitiriyo anabwera pageti kufuna nsomba, ali pachangu. Nditatsegula kachipinda kaja ndinapeza nsomba zitamatirira ku ayisi, kukoka osatheka. Njira yake ndinkaidziwa: kuzimitsa, kusiya chitseko chotsegula, kudikira ayisi asungunuke okha. Koma kasitomala anali pageti, ndipo amayi akanatha kutulukira nthawi iliyonse. Ndinatenga mpeni wanga wotumbulira nsomba.

Ndinagogoda katatu. Kachinayi mpeni unalowa mofewa, kenaka ndinamva phokoso longa la tayala la njinga likabooka, ndipo mpweya wozizira unandiwomba padzanja. Ndinatseka ndi chala. Ndinathamangira sopo n'kumata ngati mmene timamatira ndowa yodontha. Phokoso lija linapitirira pang'onopang'ono mpaka linatha lokha. Nsomba ndinagulitsa, ndinamwetulira, mayi uja ananyamuka.

Magetsi atabwera madzulo nyale ya m'firiji inayaka, injini inalira bwinobwino. Ndinathokoza Mulungu. M'mawa mwake ndinagwira m'kati, munali ngati m'kabati ya mbale.

Ndinapita kumsika kwa a Given, okonza mafiriji aja, ngati ndikufunsira mnzanga. Anandiyang'ana n'kuseka, anati anzathu oterewa amawaona sabata iliyonse ndipo onse amagwiritsa mpeni umodzimodzi. Anati gasi yense anatuluka, bowo lifunika kuwotcherera, ndipo firijiyo iyenera kupita ku shopu kwawo masiku awiri kapena atatu. Ndikanaitulutsa bwanji m'nyumba popanda amayi kufunsa? Amayi akanakuuzani tsiku lomwelo. Ndinaopa pakamwa panu, achimwene, mayi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi ine. Ndinati ndiona sabata ya mawa.

Kuti zisadziwike, ndinayamba kuundanitsa mabotolo a madzi m'firiza yanga, m'mawa uliwonse n'kuika anayi m'firiji ya amayi. Ndinati ndikuithandiza chifukwa cha kuzima kwa magetsi. Choolwe anandiyamikira kuti ndili ndi nzeru. Munthu akatsegula m'mawa ankamva kuzizira, koma pofika masana mabotolo aja ankakhala madzi ofunda. Aliyense ankatukwana a magetsi, nanenso ndinkathandiza kutukwana.

Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi tibotolo titatu tija. Mawu anu akuti kutentha kumapha mankhwala ankandilira m'makutu. Kabotolo kakutsogolo kanali katatsala pang'ono kutha, sindinadere nako nkhawa. Koma titatu tija tinayenera kufika Khirisimasi, ndipo Okutobala anali akubwera ndi moto wake.

Ine ntchito yanga yonse inandiphunzitsa chinthu chimodzi, chakuti chimene chazizira kwambiri chimakhalitsa kwambiri. Nsomba ya pansi pa firiza, imene yauma gwa, imatha miyezi itatu. Firiza yanga ikadzaza, n'kuifunditsa bulangeti, osaitsegulatsegula, imasunga ayisi masiku awiri opanda magetsi. Ndiye ndinatulutsa tibotolo tija m'timabokosi take, ndinatimanga m'pepala la buledi, ndinatiika pakona ya pansi penipeni, nsomba pamwamba. Timabokosi topanda kanthu ndinatibwezera pashelefu kuti Choolwe asafunse.

Pa timabokosipo panali mawu a Chingerezi, ang'onoang'ono ngati nyerere. Sindinawawerenge. Tsopano ndikudziwa zimene ankanena.

Kumapeto kwa Seputembala ndinaona kuti kabotolo kakutsogolo katsala ka tsiku limodzi. Ndinalawirira, ndinafukula kamodzi pansi pa nsomba. Kanali kolimba ngati mwala. Ndinakafumbata m'manja, kenaka ndinakaika pachifuwa m'kati mwa bulauzi uku ndikusesa panja, mpaka kanasungunuka. Ndinakapukuta, ndinakabwezera m'kabokosi kake. Ndinadziona ngati munthu amene wapulumutsa mayi ake, ndipo tsiku limenelo ndinaimba nyimbo panjira yonse ya ku Chanyanya.

Pasanathe sabata amayi anayamba ludzu. Ankamwa chigubu chonse n'kufunanso china. Ndowa yawo ya kuchipinda inkadzaza, nyerere n'kumaizungulira. Madiresi anayamba kuwakulira. Ine ndinati ndi kutentha kwa Okutobala, aliyense akumwa madzi.

Choolwe sanakhutire. Anawatengera ku kiliniki kawiri. Kumeneko anamufunsa ngati mankhwala amakhala m'firiji, iye anati inde, chifukwa ndi zimene ankadziwa. Anamufunsa ngati sadumphitsa tsiku, anati ayi. Anawonjezera mlingo wa jakisoni, n'kuwadzudzula amayi kuti akudya zotsekemera mobisa.

Apa ndiye pamandipweteka kwambiri. Tinabisa shuga. Tinabisa ngakhale nthochi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinawakalipira amayi kuti achikulire akuba shuga ngati mwana, kodi akufuna kudzipha. Analira, achimwene. Analumbira pa korona yawo yopempherera kuti sanalawe kanthu, ine n'kuwauza kuti korona sayeza magazi. Choolwe ndi amene anawapukuta misozi, n'kuwabaya madzulo amenewo mosamala monga mwa nthawi zonse.

Zotsatira mukuzidziwa. Pa 17 Okutobala m'mawa sanadzuke, ankangopuma mwamphamvu. Tinawathamangitsira kuchipatala, ndipo pa 19 masana anatisiya inu mukadali m'basi. Dokotala analankhula pakhonde, azakhali a Fridah ali pomwepo, kuti magazi awo akuoneka ngati a munthu amene watha milungu ingapo osalandira mankhwala. Azakhali anatembenuka n'kumuyang'ana Choolwe kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Pa maliro munaona nokha. Anamuletsa Choolwe kusambitsa thupi. Anamuchotsa pa moto wophikira anthu. Pogawa zitenje za amayi dzina lake silinatchulidwe, munthu amene anazichapa zaka zisanu ndi ziwiri. Iye anabweretsa botolo lalikulu momwe ankasungira masingano ogwiritsidwa kale ntchito, anawakhuthulira pamphasa kuti awerengedwe, awiri pa tsiku. Azakhali anati singano sichitira umboni, munthu angathe kuthira mankhwala pansi n'kusunga singano.

Kenaka munandifunsa ine, pamaso pa onse, ngati ndinkamuona akubaya. Ndinkamuona, achimwene. Madzulo aliwonse ndinkamuona atagwada pambali pa mpando wa amayi. Koma ndinayankha kuti ine ndimakhalira ku Chanyanya, za m'nyumba sindizidziwa. Ndinaona nkhope yanu ikutseka. Kuyambira pamenepo simunalandire ngakhale madzi m'manja mwake, ndipo munakagona kwa anzanu mpaka tsiku lobwerera.

Ndinayankha choncho chifukwa ndinaopa kuti mafunso akapitirira afika pa firiji. Panalinso kena koipa m'kati mwanga kamene kanakondwa kuona nesi wa amayi atagwa. Koma ndikulumbira pamaso pa Mulungu kuti nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti mankhwala anali ndi vuto. M'mutu mwanga mlandu wanga unali wa mpeni basi, mankhwala ndiye ndinali nditawasunga bwino kuposa aliyense.

Pa 8 Novembala ndinkatsuka firiza yanga, ndipo pansi ndinapeza tibotolo tiwiri totsala. Ndinaganiza kuti tingathandize wodwala wina. Ndinatiika m'kachikwama ndi ayisi kuti tisasungunuke panjira, n'kupita nato ku kiliniki, ndikudzimva kuti ndikukachita chachifundo m'dzina la amayi.

Nesi amene ndinamupeza ndi mayi wachikulire wa magalasi. Anatenga kamodzi, anakakweza kuwindo, n'kundifunsa kuti ndinkatisunga kuti. Ndinayankha monyadira kuti m'firiza, pansi penipeni. Anatsitsa dzanja n'kunena kuti:

"Mami, aya mankhwala yakauma na ayisi ninshi yafa. Olo yasungunuke, yaoneke bwino bwanji, ni manzi chabe. Kuli wamene munalasako aya?"

Ndinati ayi, palibe. Bodza linatuluka lokha ndisanaliganize n'komwe. Iye anati ndiye tithokoze Mulungu, chifukwa munthu wobayidwa zimenezi amakhala ngati sakubayidwa, ndipo anaponya tibotolo tija m'bokosi la zinyalala. Ndinatuluka, ndinafika kuseri kwa mpanda wa kiliniki. Ndinakhala pamwala mpaka dzuwa linandiwotcha mutu, ndikuwerenga masiku ndi zala, kuchokera pa tsiku lija ndinafunditsa kabotolo pachifuwa mpaka pa tsiku la ludzu loyamba. Masiku anagwirizana.

Mukanakhala inu mukanathamangira kunyumba kukanena. Ine ndinapita kumsika kukagulitsa nsomba. Mukundidziwa kuti ku Nangongwe kuno palibe amene amandiposa pakamwa, ndimatha kukangana ndi kondakitala kuchokera pa siteshoni mpaka pakhomo. Koma ndinakhala chete milungu inayi ndi masiku awiri.

M'milungu imeneyo ndinaona zonse zimene anthu ankamuchita Choolwe. Kutchalitchi anayamba kukhala benchi la kumbuyo, ndipo benchilo linkakhala lake yekha. Amayi a m'mphakati wathu wa tchalitchi analeka kumuitana pokaona odwala. Pampopi anthu ankasiya kulankhula iye akafika. Tsiku lina mwana wanu Mtendere anabwera kusukulu osafuna kudya, chifukwa anzake anamuuza kuti asamalandire chakudya kwa mayi ake, angamuchite zimene anachita agogo. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene.

Choolwe anaonda mpaka mphete inayamba kumuvuka. Komabe ankandiphikira, ankandisungira madzi osamba ndikachokera ku mtsinje. Atazindikira kuti firiji sikuziziritsa anabwera kudzandiuza mwamantha, anati mwina yapsa ndi kubwerabwera kwa magetsi, ndipo mukadzamva mudzati waiwononga ndi iye. Ndinati inde, ayenera kukhala magetsi. Ndinadya nshima yake madzulo amenewo mpaka kumaliza.

Ndinapita kokalapa. Ansembe anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati za mpeni ndi za firiza Mulungu akuona kuti sindinafune kupha munthu, koma kukhala chete kwangaku ndikukuchita dala, ndipo sangandimasule pa tchimo limene ndikupita kukalipitiriza kunyumba. Ndinatuluka nditakwiya. Ndinakhala sabata ina ndikuwakwiyira.

Lamulungu lapitali titabwera ku Misa, Mtendere atapita kukasewera, ndinamupeza Choolwe kuseri akuchapa. Ndinakhala pa chidebe n'kumuuza zonse monga ndakulemberani pano. Sanasiye kuchapa. Ndinadikira kuti andimenye ndi chovala chonyowa, kapena akuwe kuti anthu abwere, ndipo ndikanakonda zimenezo. Anafinya malaya, anayanika, anapukuta manja, kenaka anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Ba Winnie, ine nenze naziba kuti sininajombepo olo siku imozi. Manje bonse benze bakamba ati ndine, mpaka naine nayamba kuvomela mumutima kuti kapena nenze kulasa molakwika. Nenze napempha Mulungu anikhululukire chinthu chamene siniziba."

Ndinagwada pamatope paja. Ndinamuuza kuti ndikuimbirani nthawi yomweyo, zonse zikonzeka, pa 21 sipadzakhalanso mlandu. Anapukusa mutu.

"Imwe munalakwisa na mankhwala, simunazibe. Ba Stani beve baniziba. Takhala zaka seveni, sibananifunseko olo kamozi ati Choolwe, chinachitika ni chani. Banafunsa imwe."

Lolemba anachapa makatani onse, anakolopa nyumba, anakatenga kusukulu kalata yosamutsira Mtendere. Lachiwiri m'mawa ananyamuka ndi mwana kupita kwawo ku Monze. Anatenga zovala zake ndi za mwana, mapoto awiri amene anabwera nawo, basi. Makiyi anandipatsa m'manja. Ndinamupempha kuti ndimunyamulire chikwama mpaka kumsewu, anandilola. Basi itaima anati sadikira kuti abwezedwe ngati katundu wolakwika, ndipo nkhaniyi iye sakuuzani, ndikuuzeni ndekha ngati ndili ndi mtima.

Dzulo ndinapita kwa azakhali a Fridah. Anamvetsera atagwira chibwano, kenaka anadzuka n'kukatseka chitseko. Anati zimenezi zithere m'chipinda momwemo. Anati mwana wa m'nyumba sangatchedwe wopha mayi ake, dzina la bambo athu lingaipe ku Kafue konse, pamene mtengwa wapita kale ndipo kwawo akamulandira. Anati inu mukadali mnyamata, mudzakwatira wina, ndipo ine ndikapitiriza kulankhula ndidzakhala wopanda mlongo, wopanda makasitomala, wopanda tchalitchi.

Sindikubisirani, mawu awo anandikomera. Ndinakhala pampando paja ndikumva thupi likupepuka. Ndinatsala pang'ono kuvomera. Chimene chinandidzutsa ndi chakuti anatchula Choolwe kuti Mtonga uja, ngati sanamudziwepo dzina, munthu amene anawagonera m'chipatala masiku asanu chaka chatha atathyoka mwendo. Ndinawauza kuti ndikulemberani lero, ndipo mawa ku msonkhano wa mphakati ndikaimirira n'kunena ndekha pamaso pa amayi onse aja. Anati ndapenga. Mwina ndapengadi, koma kalatayi ikamakufikani Nangongwe yense adzakhala atamva.

Za ine muchite zimene mukuona. Amayi anafa chifukwa cha manja anga, ndipo ndinawatcha akuba shuga akufa ndi ludzu. Zimenezi ndidzagona nazo ndi kudzuka nazo mpaka tsiku langa, kaya mundikhululukire kaya ayi. Mukafuna ndichoke m'nyumba ya bambo, ndichoka, ku Chanyanya kuli mnzanga amene angandipatse kachipinda. Mukafuna kunditengera kupolisi, ndivala nsapato ndekha. Sindikupempha chilichonse cha ine.

Pempho langa ndi limodzi. Pa 21 mukakwera basi ku Lusaka, mugule tikiti ya ku Monze. Basi ikaima pa Kafue musatsike, ngakhale mtima ukukankheni kuti mubwere mudzandione nkhope. Ine ndilipo, sindithawa, mudzandipeza pobwerera. Pitirirani, muwoloke mtsinje, mukafike kwa apongozi anu dzuwa likadalipo.

Musatenge azakhali, musatenge mphatso zodula. Mutenge kalatayi. Mukavule chipewa, mukakhale pansi, mukawawerengere bambo ake a Choolwe mawu onse, ngakhale aja onena za inu. Musakayambe ndi kunena kuti Winfrida ndiye anandinamiza. Ndinakunamizanidi, koma mkaziyo anali pomwepo pamphasa ndi masingano ake, ndipo simunamufunse.

Sindikulonjezani kuti akakulandirani. Ndinamuona maso pamene ankakwera basi, ndipo sanacheuke kuyang'ana kwathu. Mwina mukabwerako nokha. Mukapitebe, kuti Mtendere akamve kuchokera pakamwa pa bambo ake kuti angathe kudya chimene mayi ake aphika.

Mundiperekere moni kwa anzanu a kuntchito amene anabwera kudzatithandiza kukumba manda, sindinawathokoze bwino tsiku lija. Mukafika ku Monze mumupsompsone Mtendere m'malo mwanga. Kwa Choolwe musapereke moni wanga pokhapokha atafunsa.

Ambuye akusungeni pansi pa mgodi ndi panjira. Mzimu wa amayi uuse mu mtendere, ndipo ngati kumene aliko amamva, adziwe kuti ndikudziwa tsopano kuti sanabe shuga.

Ndine mlongo wanu,
Winfrida Bwezani